ULENDO WA KU DAMU: MBEDZA, BWATO NDI MSASA

CHIPATA. Cimanga cikalowa m'nkhokwe, fodya ndi thonje zikapita ku msika, anthu a m'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa amapeza mpata wopumulako pang'ono. Kuyambira mwezi wa June mpaka October ndiyo nthawi imene anyamata amadula nsungwi za mbedza, aphunzitsi amakonza maulendo a ana a sukulu, ndipo anthu a m'tauni amene ali ndi njinga kapena galimoto amafunafuna malo okapitidwako mphepo pa Ciweru ndi pa Sondo.

Dera la Chipata liribe nyanja yacilengedwe. Nyanja ya Malawi iri kutali, kutsidya kwa malire, ndipo mitsinje yambiri ya kuno imasanduka mcenga wokhawokha dzuwa likakula. Nyanja zimene anthu ali nazo pafupi ndi madamu, omangidwa ndi manja a anthu. Kumeneko munthu angathe kuwedza nsomba, kupalasa bwato ndi kugona pa msasa popanda kuononga ndalama zambiri. Koma madzi ochingidwa ali ndi makhalidwe ao, osiyana ndi a mtsinje umene munthu anakulirapo, ndipo mlendo wosawadziwa angathe kutaya moyo wake kapena kuipitsa madzi amene mudzi ndi tauni zimadalira.

Madamu a m'derali

Mvula ya ku Chipata imafika pafupifupi mamilimita 1,000 pa caka, koma pafupifupi yonseyo imagwa pakati pa November ndi April. Miyezi yotsalayo kumakhala gwa. Ndico cifukwa cake madamu anamangidwa, kuti madzi a dzinja asungidwe kufikira m'cirimwe.

Odziwika kwambiri ndi madamu awiri a pa mtsinje wa Lutembwe, ochedwa Lutembwe 1 ndi Lutembwe 2. Kampani ya Eastern Water and Sanitation Company imapopa madzi kumeneko, kuwayeretsa ndi kuwatumiza m'mipope ya mu Chipata. Tauniyi inakwezedwa kukhala mzinda mu February 2017, ndipo kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 300,000 m'boma lonse la Chipata. Pakamwa pomwa madziwo paculuka, koma madamu ndi omwe aja. Anthu a mumzindawu amadziwanso damu la Apollo. Kumpoto, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 180, kuli damu la pa mtsinje wa Lundazi, pamene bwanamkubwa wa boma wa m'masiku a atsamunda, Errol Button, anayamba kumanga nyumba yooneka ngati linga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Nyumbayo, imene imadziwika ndi dzina lakuti Lundazi Castle, yakhala ikulandira alendo kwa zaka zambiri.

Kuonjezera pa amenewa pali madamu ang'onoang'ono a dothi amene ali m'midzi ndi m'mafamu a m'maboma a Chipata, Katete, Chadiza, Petauke ndi Lundazi. Ena anamangidwa dziko lisanalandire ufulu mu 1964, ena pambuyo pake, makamaka kuti ng'ombe zizimwa ndi kuti madimba azithiriridwa. Kwa munthu wa kumudzi, damu lotere ndilo lapafupi ndiponso losabvuta kufikako.

Safunsa anadya phula

Damu lirilonse liri ndi mwini wake kapena olisamala. Madamu a Lutembwe ndi a madzi akumwa, motero munthu asaganize kuti angathe kungofika ndi kuponya ukonde, kulowetsa bwato kapena kumanga msasa. Ayenera kuyamba wafunsa ku ofesi ya kampani ya madzi kuti amve cimene ciri cololedwa ndi cimene ciri coletsedwa. Damu la pa famu liri m'manja mwa mwini famu. Damu la m'mudzi liri m'manja mwa mfumu ya mudzi ndi komiti yake, pansi pa mafumu akuluakulu monga Nkhosi yama Nkhosi Mpezeni kwa Angoni ndi Kalonga Gawa Undi kwa Acewa.

Kulonjera mfumu ya mudzi kuli ndi phindu loposa ulemu wokha. Eni dera ndiwo amadziwa pamene pali pozama, pamene pali thope lomiza, ndiponso ngati m'madzimo munaonekapo ng'ona kapena mvuu. Mitsinje yambiri ya kuno imakathira mu Luangwa, ndipo nyama zimenezi zimatha kukwera ndi madzi a dzinja ndi kukhazikika m'dziwe limene kale linalibe coopsa. Eni dera ndiwonso amalozera mlendo nkhalango za manda ndi za dambwe, zimene m'midzi ya Acewa kawirikawiri zimakhala kufupi ndi madzi, ndipo munthu wamba saloledwa kulowamo kapena kutolamo nkhuni.

Mtsinje wobisika pansi pa madzi

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pansi pa damu lirilonse pali mtsinje wakale umene unachingidwa, ndipo khwawa lake ndi magombe ake zikadalipo ngakhale sizioneka. Munthu angayende m'madzi olekeza m'maondo kwa kamtunda ndithu, kenaka n'kuponda pamene panali gombe la mtsinje ndi kumira nthawi yomweyo. Ngozi zambiri za ana ndi za abusa a ng'ombe zimacitika motero.

Malo ozama koposa ali pafupi ndi khoma la damu. Kumtunda, kumene mtsinje umalowera, madzi ndi osaya koma pansi pake pali thope lofewa limene limagwira miyendo. Mitengo imene inalipo damu lisanadzale inasiya zitsa, ndipo zitsazo zimakola maukonde, zimaboola mabwato ndi kubvulaza odumphira m'madzi camutu. M'miyezi yotentha madzi a pamwamba amafunda, pamene a pansi amakhala ozizira kwambiri, kotero kuti wosambira wofika pakati angathe kugwidwa ndi dzanzi m'miyendo mwadzidzidzi.

Pali malo ena awiri oyenera kuwatalikira. Oyamba ndi pamene pali mpope wokoka madzi. Aciwiri ndi ngalande yotayira madzi damu likadzala. M'dzinja madzi a pamenepa amathamanga ndi mphamvu, ndipo miyala kapena simenti yake imakhala ndi ndere zoterera. Anthu ofuna kudutsa njira yacidule kapena kugwira nsomba zimene zikutsika ndi madzi ndiwo amakokoloka pamalo amenewa.

Kuwedza

Nsomba zopezeka m'madamu ambiri a kuno ndi za mitundu itatu: za mtundu wa cambo, milamba ndi matemba. Za mtundu wa cambo zimakonda m'mphepete mwa udzu ndi bango, ndipo zimadya nyambo ya nyongolotsi kapena ya nsima youmba bwino. Mlamba umakhala pansi pa thope, umadya kwambiri madzulo ndi usiku, ndipo umakopeka ndi nyambo ya fungo monga matumbo a nkhuku. Matemba amayenda m'magulu m'madzi osaya, ndipo ndiwo amaphunzitsa ana kugwira mbedza.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa dzuwa lisanakwere ndiponso madzulo likapendeka. M'miyezi yozizira ya June ndi July nsomba sizidya kwambiri, koma kukayamba kufunda mu September ndi October mbedza imagwira bwino. Zipangizo zake n'zosabvuta: nsungwi yowongoka, cingwe, mbedza ziwiri kapena zitatu za misinkhu yosiyana, kamtengo kopepuka koyandama ndi kacitsulo kolemeretsa. Cotsala ndi kufatsa, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Phokoso, wailesi yokweza ndi cithunzithunzi ca munthu cogwera pamadzi zimathawitsa nsomba.

Boma linaika malamulo pa nkhani imeneyi. Lamulo la za Nsomba la 2011, limene linalowa m'malo mwa la 1974, limaletsa kupha nsomba ndi mankhwala, ndi zophulika kapena ndi magetsi. Katupe amene makolo ankathira m'maiwe a m'mitsinje ndi woopsa koposa m'damu, cifukwa madzi ake sayenda: amapha nsomba zazikulu ndi zazing'ono zomwe, ndipo mankhwala a thonje kapena a m'dimba amene ena amathira masiku ano amafika ndi kwa ng'ombe ndi anthu akumwa madziwo. Maukonde a maso ang'onoang'ono naonso ndi oletsedwa, makamaka maneti a udzudzu amene a zaumoyo amagawa kuti ateteze mabanja ku malungo. Neti yotere ikakokedwa m'damu imasesa ndi mazira omwe. Wofuna kupha nsomba zogulitsa ayenera kutenga laisensi ku Dipatimenti ya za Nsomba.

Caka ndi caka, kuyambira pa 1 December mpaka kumapeto kwa February, boma limatseka usodzi pa madzi ambiri a dziko lino kuti nsomba ziswane. Ofesi ya za nsomba ya pa boma ndiyo imafotokoza madzi amene akhudzidwa. Cifukwa ca ciletsoci cimaoneka poyang'ana m'mene nsombazo zimaswanira. Pa mitundu yambiri ya cambo, yamphongo imakumba cisa pa mcenga m'madzi osaya, ndipo yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa mwake kufikira titakhwima. Wopha nsomba imodzi yotere wapha mazana. Milamba nayo imakwera m'timitsinje ndi m'madambo osefukira mvula yoyamba ikagwa kuti ikaikire mazira, ndipo pamenepo imagwidwa mosabvuta ndi mikondo ndi miono. Damu laling'ono liribe kwina kocokera nsomba zatsopano, motero mudzi umene upha nsomba za mazira mu December umadya ndiwo za masamba okhaokha caka cotsatira.

Pa bwato

Bwato limafikitsa msodzi pamene mbedza ya pamtunda singafike, ndiponso limasangalatsa alendo. Mabwato a pa madamu a m'midzi kawirikawiri ndi osema kapena a matabwa, ndipo sacedwa kupendekeka. Asanakwere, munthu aone ngati bwatolo silikudontha, ngati liri ndi nkhafi yabwino ndi cina cokapira madzi. Mwini bwato ndiye amadziwa ciwerengero ca anthu oyenera kukwera, ndipo mau ake asatsutsidwe cifukwa cakuti alendo afuna kupita onse pamodzi. Okwera akhale pansi, asaimirire, asasinthane malo pakati pa madzi. Mowa ndi bwato siziyenderana, ndipo amene wamwa atsale pamtunda.

Kuyambira August mpaka October mphepo imakula masana, ndipo ngakhale damu laling'ono limacita mafunde okwanira kudzaza bwato losema. Ulendo wa pamadzi ndi wabwino m'mamawa. Mvula yoyamba ikayandikira, mitambo yakuda ndi kugunda kwa bingu ndi cizindikiro cakuti onse aturuke, pakuti munthu wokhala pakati pa madzi ndi nsungwi m'manja ali poyera pamaso pa mphezi.

Zobvala zoyandamitsa munthu zimapezeka pa nyanja zazikulu, koma m'midzi n'zosowa. Cigubu ca pulasitiki ca malita 20, copanda kanthu ndi cotsekedwa bwino, cingathe kuyandamitsa munthu wamkulu, ndipo bwato lirilonse liyenera kunyamula cimodzi kapena ziwiri zomangidwa cingwe. Bwato likagubuduzika, okwera aligwiritse ndi kuitana thandizo m'malo moyesa kusambira kupita kumtunda, cifukwa mtunda wa pamadzi umanyenga maso. Woona mnzake akumira amuponyere cingwe kapena cigubu, kapena amutambasulire mtengo wautali. Munthu womira amakakamira ciriconse ndi mphamvu zoopsa, ndipo kawirikawiri maliro amakhala awiri cifukwa wina anadumphira m'madzi kuti akapulumutse mbale wake.

Kugona pa msasa

Kugona kufupi ndi damu kumapatsa msodzi mpata woyamba nchito m'bandakuca, ndipo kwa ana a sukulu ndi magulu a acinyamata ndi phunziro losaiwalika. Msasa wa udzu kapena tenti zimangidwe pamalo okwera ndi ouma, kutali ndi bango, ndiponso kutali ndi njira imene ng'ombe zimatsikira. Kumene kuli mvuu, njira zake zimaoneka bwino m'udzu, ndipo nyamayi imaturuka usiku kukadya. Pa khoma la damu sipoyenera kumangapo msasa, kukumbapo dzenje kapena kukhomapo zikhomo, cifukwa khoma la dothi limayamba kuonongeka ndi kabowo kakang'ono.

Usiku wa June ndi July umazizira kwambiri m'mbali mwa madzi, motero mabulangete ndi ofunika. Moto usonkhedwe pamalo olambulidwa ndi kuzimitsidwa ndi madzi kapena dothi pocoka, pakuti moto wolusa wa m'cirimwe umatentha msipu wa ng'ombe ndi kusiya nthaka yambulanda. Nkhuni zikhale zouma zotola, osati mitengo yaiwisi ya m'mphepete mwa damu. Neti ya udzudzu igwire nchito yake yeniyeni, cifukwa udzudzu wa malungo umaswana m'zithaphwi za m'mbali mwa madzi ndipo umaluma usiku.

Matenda ena obisala m'madzi odikha ndi likodzo. Munthu wodwala akakodza kapena kucita cimbudzi m'madzi, mazira a tizirombo timeneti amaswa ndi kulowa mu nkhono zazing'ono zokhala m'udzu wa m'mphepete. Pakapita masabata angapo tizirombo timaturuka mu nkhonozo, makamaka masana dzuwa likatentha, ndi kulowa pa khungu la wosamba, wocapa kapena woima m'madzi ndi mbedza. Cizindikiro codziwika ndi magazi mu mkodzo, ndipo mtundu wina umaonekera m'cimbudzi. Ena amayesa kuti magazi amenewa ndi cizindikiro ca kukula kwa mnyamata, koma ndi matenda amene angaononge cikhodzodzo, impso ndi ciwindi. Mankhwala ake, a praziquantel, amapezeka ku cipatala. Madzi osamba pa msasa atenthetsedwe, kapena atungidwe ndi kusungidwa masiku awiri, pakuti tizirombo ta likodzo sitikhala ndi moyo nthawi yaitali kunja kwa thupi.

Madzi akumwa acokere kunyumba kapena pa mjigo, apo ai awiritsidwe kapena athiridwe klorini. Dzenje la cimbudzi likumbidwe pa mtunda wa mamita osacepera 30 kucokera pamadzi ndi kukwiriridwa pocoka. Mliri wa kolera umene unayamba mu October 2023 unapha anthu oposa 700 m'dziko lino, ndipo matendawa amayenda ndi madzi oipitsidwa. Mabotolo, mapepala a pulasitiki ndi zingwe zoduka zibwerere ndi eni ake. Ng'ombe yomeza pulasitiki imaonda mpaka kufa, ndipo mwini wake sadzalandiranso alendo ndi manja awiri.

Cimene cimapha damu

Walira mvula walira matope. Mvula imene imadzaza damu ndi yomweyo imene imabweretsa dothi ndi mcenga. Mapiri ozungulira Chipata akametedwa ndi ootcha makala ndi oumba njerwa, minda ikalimidwa mizere yotsika ndi phiri, madimba akafika pa gombe penipeni pa mtsinje, dothi lonse lokokoloka limakakhazikika pansi pa damu. Pamwamba damulo limaoneka lodzala monga kale, koma madzi ake amacepa caka ndi caka, ndipo limaphwa msanga mu October. Madzi osaya amatentha, udzu umamera ponseponse, nkhono za likodzo zimaculuka ndipo nsomba zimasowa pobisala. Kucotsa thope m'damu kumafuna makina ndi ndalama zambiri, pamene kuliletsa kufika kumafuna khasu ndi mgwirizano.

Lamulo losamalira madzi la 2011 linakhazikitsa bungwe la Water Resources Management Authority, lodziwika kuti WARMA, kuti liziyang'anira mitsinje, madamu ndi kagwiritsidwe nchito ka madzi. Koma nchito yaikulu iri m'manja mwa alimi a kumtunda kwa damu: kulima mizere yopingasa, kubzala udzu wa vetiva m'malire a minda, kusiya mitengo ndi bango m'mbali mwa mitsinje, ndi kukonza malo amodzi omwetsera ng'ombe kuti zisapondeponde khoma. Mitengo yomera pa khoma penipeni ndiyo yokha yoyenera kudulidwa ikadali yaing'ono, cifukwa mizu yake ikaola imasiya njira za madzi.

Kwa otha kupita kutali

Amene ali ndi ndalama za ulendo angathe kukaona damu lalikulu koposa m'dziko lino, la Kariba pa mtsinje wa Zambezi. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pa mseu wa Great East Road ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo kucokera ku Lusaka kufika ku Siavonga ndi pafupifupi 200. Khoma la Kariba, lotalika mamita 128, linatha kumangidwa mu 1959, ndipo Atonga pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinje anasamutsidwa m'midzi yao kuti nyanjayo idzale. Kapenta amene amagulitsidwa pa misika ya ku Chipata ndi dzina la Siavonga sanali wa kumeneko: mbeu yake inatengedwa ku nyanja ya Tanganyika mu 1967 ndi 1968. Asodzi amamupha usiku pomukopa ndi nyali zowala. Ku Siavonga kuli malo ogona alendo, malo omangapo matenti ndi mabwato a injini, ndipo okonda mbedza amapitako kukalimbana ndi mceni, nsomba ya mano akuthwa. Ng'ona ndi mvuu n'zambiri m'nyanjayi, motero kusamba m'mphepete mwake n'koopsa.

Ngakhale Kariba amadalira mvula. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali ngozi yogwera dziko lonse. Madzi a mu Kariba anatsika kwambiri, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku lirilonse. M'midzi ya kum'mawa, caka cimeneco cinaonetsa kusiyana kwa mudzi wokhala ndi damu losamalidwa ndi mudzi umene damu lake linakwiririka ndi mcenga.

Nyengo yoyendera madamu isanafike pacimake, mafumu a midzi, makomiti a madamu ndi aphunzitsi angacite bwino kukhala pansi ndi alangizi a za nsomba ndi a zaumoyo. Agwirizane malo owedzera, malo omwetsera ziweto ndi malo omangapo misasa, aike zizindikiro pamalo ozama, ndipo auze ana kuti asapite kumadzi popanda wamkulu. Mlendo naye afike ndi ulemu, afunse, atenge nsomba zokwanira ndiwo za banja lake ndi kubwezera m'madzi zazing'ono, kuti caka camawa adzapeze damu likadali ndi madzi ndi nsomba.